Kuswetsa Mazira a Nkhuku Pakhomo Popanda Makina

Ophunzira akafika pa phunziro la kuweta nkhuku, funso limene limabwera kawiri-kawiri ndi ili: kodi munthu wopanda makina oswera mazira angaculukitse bwanji nkhuku zake? Ena mwa inu amene munatsiriza maphunziro kale mumatiuza kuti mukudikira kupeza ndalama zogulira makinawo kuti muyambe ulimi wa nkhuku mwamphamvu. Makina amathandizadi mlimi amene afuna anapiye mazana pa nthawi imodzi, amenenso ali ndi magetsi osazimazima. Koma pa khomo la nkhuku 10 kapena 20, thadzi lofungatira limakwanitsa nchito yonseyi, ndipo silifuna magetsi kapena mafuta.

Thadzi limafunditsa mazira, kuwatembenuza ndi kuwasunga pa cinyezi coyenera popanda wolilangiza. Koma pali zinthu zitatu zimene silingathe kudzicitira: kusankha mazira abwino, kuwerenga masiku, ndi kudziteteza ku utitiri ndi zilombo pamene lakhala malo amodzi kwa masabata atatu. Zitatuzi ndi mbali ya mlimi, ndipo mazira ambiri amene amasukusa pa makomo athu amasukusa cifukwa mbali imeneyi inasiyidwa. Nkhuku ya kumudzi imaikira, kufungatira ndi kulera ana katatu kapena kanayi cabe pa caka. Motero cisa cimodzi cikalephera, banja lataya nkhuku zimene zikanagula makope ndi yunifolomu ya mwana, kapena kuthandizira pa thumba la feteleza.

Zimene zimacitika m'kati mwa dzira

Dzira la nkhuku limaswa pakapita masiku 21. Masikuwa sayambira tsiku limene dzira linaikiridwa, koma tsiku limene layamba kufunditsidwa mosalekeza. Mwanapiye amakula bwino ngati m'kati mwa dzira muli kutentha kwa madigiri 37 mpaka 38. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo thadzi likayamba kufungatira limathothoka nthenga za pacifuwa kuti khungu lake likhudzane ndi mazira. Limawatembenuza ndi mlomo kambiri-mbiri usana ndi usiku kuti kamwanapiye kasamatirire ku cigoba, ndipo mazira a m'mbali limawakokera pakati.

Cigoba cimaoneka ngati cotsekeka, koma cili ndi tizibowo tambiri-mbiri tosaoneka ndi maso. Mpweya umene mwanapiye amapuma umalowera m'menemo, ndipo madzi a m'dzira amatulukiramo pang'ono-pang'ono. Ku mbali yobulungira ya dzira kuli kamphako ka mpweya kamene kamakula pamene masiku akupita. Mwanapiye amayamba kupuma mpweya wa m'kamphakoka asanaboole cigoba.

Pa zonsezi pakutuluka lamulo limodzi limene liposa ena onse: mazira a m'cisa cimodzi ayambe kufungatiridwa tsiku limodzi. Dzira limene lalowa m'cisa patapita masiku anayi lidzaswa masiku anayi pambuyo pa anzake. Thadzi silidikira nthawi yotere. Anapiye oyamba akauma ndi kuyamba kuyenda, limacoka nawo pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mazira otsalawo amazizira, anapiye amene anali pafupi kutuluka nafera m'kati.

Kusankha ndi kusunga mazira

Dzira limaswa pokhapo ngati thadzi loliikira linali kuyenda ndi tambala. Mazira a m'sitolo amacokera ku nkhuku zosungidwa popanda tambala, ndiye cifukwa cake saswa. Tambala mmodzi wamphamvu amakwanira nkhuku zazikazi 8 mpaka 10. Ngati mwabweretsa tambala watsopano, musungeni payekha kwa masabata awiri kuti muone ngati alibe matenda, ndipo mukamuphatikiza ndi zinzake dikirani sabata imodzi musanayambe kusunga mazira oswetsa. Ndi bwinonso kusintha tambala pakapita caka kapena zaka ziwiri, kuti asamakwere ana ake omwe, popeza anapiye a cibale cotere amakhala ofooka.

Tolani mazira tsiku ndi tsiku, ndipo pa dzira lililonse lembani deti ndi pensulo. Siyani dzira limodzi lokhala ndi cizindikiro m'cisa kuti thadzi lisasamukire kuchire. Oswetsa akhale apakati-kati kukula kwake, aukhondo, a cigoba cosalala ndi colimba. Dzira lalikulu mopitirira, laling'ono kwambiri, lopindika kapena lokhala ndi mng'alu lipite ku ndiwo. Musatsuke mazira oswetsa. Dzira limatuluka ndi kautoto kosaoneka kamene kamachinga tizibowo tija, ndipo madzi amakacotsa ndi kulowetsa tizilombo ta matenda m'kati. Ngati pali kadothi pang'ono, palani ndi nsalu youma.

Malo osungira akhale ozizira ndi amthunzi. Mphika wadothi woikamo mcenga wouma kapena mankhusu, wokhazikidwa pansi pa ngodya ya nyumba, umacita bwino. Mazira aimirire mbali yosongoka ili pansi, ndipo muwapendeketse uku ndi uku kamodzi pa tsiku. Musawaike pafupi ndi moto, pa windo, kapena m'mwamba pafupi ndi malata. Dzira likakhala pamalo otentha, kamwanapiye kamayamba kukula, kenaka kamafa cifukwa kutenthako sikokwanira ndipo sikokhazikika. Vutoli limakula m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Firiji nayo imazizira mopitirira.

Dzira loswetsa lisapitirire masiku 7 ciikiridwire, ndipo likafika masiku 10 mwayi wake wacepa ndithu. Apa ndi pamene alimi ambiri amatayira anapiye osadziwa. Nkhuku ya kumudzi imatenga masabata awiri kapena kuposerapo kuti itsirize kuikira, motero ikamayamba kufungatira, mazira ake oyamba amakhala atakalamba. Cotsani akalewo kuti banja lidye kapena kugulitsa, ndipo m'malo mwake ikani atsopano ocokera ku nkhuku zina za pakhomo. Thadzi silisiyanitsa dzira lake ndi la linzake.

Kusankha thadzi

Thadzi lofuna kufungatira limadziwika. Limakhala m'cisa usana wonse ndipo limagona momwemo usiku, limatukumula nthenga munthu akayandikira, limalira mocenjeza ndi kujompha dzanja. Musafulumire kulipatsa mazira abwino tsiku loyamba. Liyeseni kwa masiku awiri kapena atatu ndi mazira owiritsa okhala ndi cizindikiro, kapena miyala yosalala. Likakhazikika, pamenepo ndiye mulipatse enieni.

Sankhani thadzi lathanzi, la thupi lalikulu, limene linaswapo ndi kulera bwino. Msoti wofungatira koyamba nthawi zina umatopa pakati pa nchito, motero upatseni mazira ocepa. Nkhuku zacizungu zoikira mazira ambiri sizifungatira kawiri-kawiri, popeza khalidweli linacepetsedwa mwa izo kuti zisamaleke kuikira. Ngati muli nazo ndipo zimayenda ndi tambala, mazira ake mungawaswetse pansi pa thadzi la kumudzi. Musanalikhazike, yang'anani m'khwapa mwa mapiko ndi pansi pa mcira ngati muli nsabwe kapena utitiri, ndipo ngati zilimo liwazeni mankhwala aufa a nkhuku.

Kukonza cisa

Cisa cikhale pamalo abata, amdima pang'ono, osadontha, ndiponso kumene nkhuku zina sizingalowe. Dengu, bokosi kapena phale lalikulu ndi zokwanira, malinga ngati m'mimba mwake muli masentimita 35 mpaka 40. Pansi ikani dothi kapena mcenga wosakaniza ndi phulusa, pamwamba pake udzu wouma wofewa, ndipo muuumbe ngati mbale yosazama. Cisa cikazama kwambiri mazira amasanjikizana ndi kusweka, cikakhala cathyathyathya amagubuduka. Udzu ukhale watsopano nthawi zonse. Wakale uutenthe, cifukwa ndi mmene utitiri umabisala.

Ngati thadzi liyenera kusamutsidwa, lisamutseni usiku pamodzi ndi mazira oyesera aja, ndipo muliphimbe ndi dengu tsiku loyamba. Mazira enieni aikeninso madzulo. Thadzi lalikulu limakwanitsa mazira 10 mpaka 12, laling'ono 8. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi cepetsani ndi awiri. Likakhala, yang'anani mozungulira: ngati dzira lina likuonekera kunja kwa nthenga, mazira aculuka. Mlimi amaganiza kuti akaika 18 adzataya owonjezerawo cabe, koma sizitero. Popeza thadzi limasinthanitsa a pakati ndi a m'mbali, dzira lililonse limapeza nthawi yake yozizira, ndipo cisa conse cimaonongeka. Akale anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Dzira lililonse limene mwaika mulizungulize mzere wa pensulo, ndipo deti mulilembe pa kalendala kapena m'kope la pa famu. Masiku 21 ndi masabata atatu enieni, motero mukaika Laciwiri madzulo, kuswa kudzakhala ca m'ma Laciwiri la sabata yacitatu. Sankhani tsiku limene kuswa sikudzagwera pa tsiku la mapemphero kapena la msika, pamene pakhomo pamakhala popanda munthu. Ngati nkutheka, khazikani mathadzi awiri usiku umodzi. Phindu lake lidzaoneka pa nthawi younika mazira.

Masabata atatu a kufungatira

Thadzi limacoka pa mazira kamodzi pa tsiku, kwa mphindi 15 mpaka 30, kuti lidye, limwe, licite cimbudzi ndi kusamba m'fumbi. Musalithamangitsire kubwerera, popeza mazira saonongeka ndi kanthawi kotere. Cimene cimawaononga ndi thadzi kuyenda mtunda kukafuna cakudya. Ikani cimanga kapena gaga ndi madzi oyera pafupi, koma osati pamene lingafikire lili cikhalire m'cisa, cifukwa likaleka kudzuka limaipitsira mazira. Pambali pake pakhale malo a mcenga wouma ndi phulusa osambiramo.

Nthawi imene thadzi lacoka ndi yanu yoyendera cisa. Werengani mazira. Mukapeza dzira lopanda mzere wa pensulo, dziwani kuti nkhuku ina yaikiramo: licotseni tsiku lomwelo ndi kuchinga polowera. Ngati dzira lasweka, cotsani zigoba, sinthani udzu wonyowawo, ndipo mazira amene adetsedwa muwapukute ndi nsalu youma.

Utitiri ndiwo umathamangitsa mathadzi ambiri pa mazira. Umabisala m'udzu ndi m'ming'alu usana, nutuluka usiku kudzayamwa magazi. Thadzi lovutidwa nawo limadzikanda, limaimirira-imirira, lipombo lake limayera, ndipo nthawi zina limafera m'cisa. Kamodzi pa sabata unikani cisa usiku, kapena pisani dzanja m'udzu ndi kuona ngati tizilombo tikukwera pa mkono. Mukaupeza, sinthani udzu wonse ndi kuwaza mankhwala aufa opangidwira nkhuku, motsatira malangizo a alangizi a ziweto. Mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba asayandikire cisa, cifukwa angaphe thadzi ndi anapiye omwe. Usiku tsekani bwino kuopa makoswe, njoka, agalu ndi likongwe, ndipo thirani phulusa mozungulira kuti linthumbu lisafike.

M'nyengo yotentha ndi youma, mazira amataya madzi mofulumira, ndipo kakhungu ka m'kati mwa cigoba kamauma ndi kumanga mwanapiye. Wazani madzi pang'ono pa dothi la pansi pa cisa kapena mozungulira, makamaka sabata yotsiriza. Madzi asakhudze mazira. M'nyengo ya mvula vuto limakhala lina: kwezani cisa kuti cisanyowe.

Kuunika mazira

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10 mungadziwe mazira amene ali ndi moyo. Citani izi usiku, ndi manja oyera ndi ouma, pogwiritsa nchito toci, ngakhale ya pa foni. Gunditsani toci ku mbali yobulungira ya dzira ndi kuphimba m'mbali ndi zala kuti kuwala kulowe m'dzira mokha. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda kokhala ndi mitsempha yofiira yotambalala ngati miyendo ya kangaude. Dzira loyera mbee lilibe mbewu ya tambala. Lokhala ndi mzere wofiira wozungulira ngati mphete linayamba kukula kenaka linafa. Cotsani a mitundu iwiri yotsirizayi, cifukwa dzira lovunda lingaphulike ndi kudetsa anzake. Ngati cigoba ndi cakuda ndipo mukukayika, ikani cizindikiro ndi kulibwezera. Musagwedeze dzira pofuna kumva za m'kati.

Unikaninso ca m'ma tsiku la 14. Pamenepo dzira lamoyo limakhala lakuda mbali yaikulu, kupatula kamphako ka mpweya. Citani mwacangu ndi kubwezera dzira lililonse musanatenge lina.

Kuunika kumakuuzani kumene kuli vuto. Ngati mazira ambiri ali oyera, thadzi lilibe mlandu: tambala wakalamba, akudwala, kapena zazikazi zamuculukira. Ngati munakhazika mathadzi awiri usiku umodzi ndipo mazira amoyo acepa, aphatikizeni pansi pa thadzi limodzi. Linalo mulicotse kuti libwerere kukaikira.

Masiku otsiriza

Kuyambira tsiku la 18, lekani kugwira mazira. Mwanapiye akudzikonza, mutu akuulozetsa ku kamphako ka mpweya. Pa tsiku la 20 mungamve kulira kwake m'kati mwa dzira, kenaka pa cigoba pamaoneka kabowo. Kucokera pa kabowoka kufikira atatuluka pangapite maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu. Apa pamafunika kudekha, ndipo ana a pakhomo auzidwe kuti asanyamule thadzi pofuna kusuzumira. Musamusendere cigoba mwanapiye. Pa nthawi imeneyi mitsempha ya magazi ya pa kakhungu ka m'kati ikali kutsekeka, ndipo cikasu ca dzira cikali kulowa m'mimba mwake. Mukamuthandiza msanga amakha magazi, kapena amatuluka ndi mcombo wosatsekeka. Cikasu comweco ndico cimamudyetsa tsiku loyamba ndi laciwiri, motero oyamba kutuluka angadikire anzawo pansi pa mayi wawo popanda vuto.

Likafika tsiku la 23, dzira limene silinaswe silidzaswanso. Tengani otsalawo ndi kukawaswera kutali ndi nyumba, muone za m'kati musanawakwirire. Lopanda kanthu likuloza kwa tambala kapena ku dzira lokalamba. Lokhala ndi kamwanapiye kakang'ono likuloza ku kasungidwe koipa kapena kuzizira kwa m'masiku oyamba. Lokhala ndi mwanapiye wathunthu likuloza ku kuuma, kusokoneza cisa, kapena dzira lolowa mocedwa. Tenthani udzu wa m'cisa tsiku lomwelo.

Anapiye akatuluka

Anapiye ambiri a kumudzi amafa m'masabata oyamba cifukwa ca kabawi, mphamba, akhwangwala, mame a m'mawa ndi njala. Sungani thadzi ndi ana ake m'kakhola kapena pansi pa dengu lalikulu loluka motalikitsa kwa masabata anayi kapena kuposerapo, ndipo muzisuntha dengulo kuti akhale pouma. Madzi akhale m'mbale yosazama yoikamo timiyala kuti asamire. Ngati cakudya ca anapiye cogula palibe, sakanizani cimanga cogaya ndi soya wokazinga ndi kusinja, fumbi la kapenta ndi masamba odula-dula, ndipo muwapatseko ciswe. Soya wosakazinga musawapatse. Kambiranani ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu za katemera wa citopa, ndipo nkhuku zonse za pakhomo zilandire, zazikulu ndi zazing'ono.

Mazira a mbalame zina ndi njira ya nyale

Thadzi limaswanso mazira a mbalame zina, koma masiku ake amasiyana. A nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28, a nkhukundembo 28, ndipo a abakha aakulu ofiira kumaso, amene ali pa makomo ambiri, amatenga 35. Musawasakanize ndi a nkhuku tsiku limodzi, cifukwa thadzi lidzacoka ndi anapiye ndi kusiya enawo.

Ena amafunsa za bokosi lofunditsidwa ndi nyale ya palafini kapena babu. Njirayi ingatheke, koma munthu ayenera kucita yekha zonse zimene thadzi limacita. Pamafunika kacipangizo kopimira kutentha, mbale ya madzi m'bokosi, tizibowo ta mpweya, ndi kutembenuza mazira katatu kapena kasanu pa tsiku mpaka tsiku la 18. Kutentha kukakwera ndi madigiri ocepa cabe kwa maola angapo, mazira onse afa, ndipo nyale ikazima usiku wa Julayi munthu ali m'tulo zotsatira zake ndi zomwezo. Palinso ngozi ya moto m'nyumba ya udzu. Amene ali ndi thadzi lofungatira asavutike ndi bokosi.

Lembani zimene mwapeza

Pa cisa ciliconse lembani zinthu zisanu: thadzi lake, deti loika, mazira amene munaika, amene anaswa, ndi anapiye amene ali moyo pakapita masabata 8. Mlimi akaswetsa mazira 8 mwa 10 wacita bwino. Akamapeza osakwana theka, kopelo lidzamuonetsa pamene payenera kukonzedwa. Lidzamuonetsanso thadzi loyenera kusunga ngakhale mlendo atabwera, ndi limene lingapite ku msika. Ophunzira amene muli pano tsopano mudzacita izi ndi manja anu ku khola. Inu amene muli kumudzi, yesani pa cisa cotsatira, ndipo mukadzatiyendera mubwere ndi kope lanu kuti anzanu aphunzirepo.